Lipoti lomveka ndi chiyambi cha chitukuko: luso lofotokoza ndi masilaidi kwa Mlonyeni

MCHINJI — Chaka chilichonse ogwira ntchito m'boma ochokera m'nthambi za ulimi, zaumoyo, maphunziro, madzi ndi chitukuko cha m'midzi amaima pamaso pa makomiti a chitukuko kukapereka malipoti a ntchito zawo. M'boma la Mchinji, imodzi mwa makomiti oterewa ndi ya m'dera la Mfumu Yaikulu Mlonyeni, lomwe lili kufupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia. Zimene mamembala a komitiyi amamva, kapena kulephera kumva, pa mphindi zochepa zimene mlangizi wapatsidwa kuti alankhule, ndi zimene zimachititsa kuti mjigo, mlatho kapena chipinda chophunziriramo chilowe mu ndondomeko ya chitukuko kapena chitsalire kunja.

Masiku ano malipoti ambiri amaperekedwa pogwiritsa ntchito laputopu ndi pulojekita. Wolankhula amaonetsa pakhoma masamba otchedwa masilaidi, omwe kawirikawiri amakonzedwa ndi pulogalamu ya PowerPoint. Chida chimenechi n'chothandiza, koma chikagwiritsidwa ntchito mosasamala chimakwirira nkhani m'malo moiulula. Ntchito ya silaidi ndi imodzi yokha: kuthandiza anthu amene akhala m'chipindamo kumvetsa nkhani ndi kuigamula. Kalikonse kamene sikakuthandiza pa ntchito imeneyi kayenera kuchotsedwa.

Ulendo umene lipoti limayenda

M'chaka cha 1998 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu pamodzi ndi lamulo loyendetsera maboma ang'onoang'ono. Malinga ndi ndondomekoyi, maganizo a chitukuko amayambira kumudzi. Makomiti a VDC, omwe amagwira ntchito m'madera a magulupu, amasonkhanitsa zofuna za anthu. Zofunazo zimapita ku komiti ya ADC, imene imayang'anira dera lonse la mfumu yaikulu, monga la Mlonyeni. Komiti imeneyi imalandira uphungu kuchokera ku komiti ya AEC, momwe mumakhala alangizi a boma ndi a mabungwe ogwira ntchito m'deralo. Kuchoka apo nkhani zimafika ku komiti ya DEC, imene wapampando wake ndi bwanamkubwa, ndipo pamapeto pake zimakavomerezedwa pa msonkhano wa khonsolo yonse.

Pa gawo lililonse la ulendowu pamakhala munthu amene amaima n'kufotokoza, koma omvera ake amakhala osiyana. Ku ADC kumakhala alimi, amalonda, atsogoleri a mipingo, ndi oimira amayi ndi achinyamata. Ku DEC kumakhala akuluakulu a nthambi za boma ndi a mabungwe, omwe anazolowera mawu a m'maofesi. Ku khonsolo kumakhala makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi mafumu. Kotero masilaidi amene anakonzedwera maphunziro a akatswiri mu hotela ya ku Lilongwe sangaonetsedwe mmene alili pa msonkhano wa kwa Mlonyeni. Nkhani ikhoza kukhala yomweyo, koma kafotokozedwe kake kayenera kutsata anthu amene akumvera.

Pali chifukwa china chimene chimakulitsa udindo wa wolankhula pa msonkhano wa ADC. Membala aliyense wa komitiyo ndi nthumwi, ndipo akabwerera amakafotokozera anthu amene anamutuma. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nthumwi imene yatuluka mu msonkhano isanamvetse imakapereka uthenga wopotoka ku midzi yambiri nthawi imodzi, ndipo kuwongola uthenga woterowo kumatenga miyezi.

Chida chimene chikhoza kubisa ngozi

Pulogalamu ya PowerPoint inakonzedwa ndi Robert Gaskins ndi Dennis Austin ku kampani ya Forethought m'dziko la America, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1987. Chaka chomwecho kampani ya Microsoft inagula kampaniyo pa mtengo wa madola 14 miliyoni. Patapita zaka zochepa, maofesi a boma ndi makampani m'maiko ambiri anayamba kupereka malipoti awo kudzera m'masilaidi, ndipo mavuto a kagwiritsidwe ntchito kake anayamba kuonekera.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha chombo cha m'mlengalenga cha Columbia. Pamene chombochi chinkanyamuka pa 16 Januwale 2003, chidutswa china chinathothoka pa thanki ya mafuta n'kumenya phiko lake la kumanzere. Chombocho chili m'mlengalenga, akatswiri a kampani ya Boeing anafotokozera akuluakulu a bungwe la NASA za nkhaniyi pogwiritsa ntchito masilaidi. Mutu wa silaidi ina yofunika kwambiri unkapereka chithunzi chakuti zinthu sizinali zodetsa nkhawa. Mfundo yoopsa, yakuti chidutswacho chinali chachikulu kambirimbiri kuposa zidutswa zimene anayesera kale, inalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kumunsi kwa silaidiyo.

Pa 1 Febuluwale 2003 chombocho chinaphwasuka pobwerera padziko, ndipo anthu onse 7 amene anali m'menemo anafa. Komiti yofufuza za ngoziyi, mu lipoti lake la mu Ogasiti chaka chomwecho, inadzudzula chizolowezi chopereka nkhani zaukatswiri kudzera m'masilaidi m'malo mwa malipoti olembedwa mokwanira, ndipo inagwiritsa ntchito kauniuni amene katswiri wina, Edward Tufte, anachita pa silaidiyo. Ngoziyi inali ndi zifukwa zambiri, koma phunziro lake kwa wogwira ntchito m'boma n'lachidziwikire: mfundo yaikulu ikaikidwa kumunsi, akuluakulu otanganidwa saiona. Lipoti la matenda a kolera, la mbozi zowononga chimanga kapena la mlatho umene wang'aluka likhoza kukwiririka chimodzimodzi.

Funso loyamba: komiti igamule chiyani?

Wokonza lipoti ayenera kuyamba ndi pepala ndi cholembera asanatsegule kompyuta. Papepalapo alembe chiganizo chimodzi choyankha funso ili: anthu akamatuluka mu msonkhano, akhale atagwirizana chiyani? Yankho likhoza kukhala lakuti komiti isankhe midzi itatu yoyamba kulandira mijigo, kapena kuti mafumu alimbikitse makolo kutumiza ana ku katemera, kapena kuti makomiti a sukulu ayambe kututa mchenga mvula isanagwe. Ngati wokonza lipoti akulephera kulemba chiganizo chimenechi, ndiye kuti lipotilo silinapse, ndipo kukongoletsa masilaidi sikungalipulumutse.

Chiganizochi chikapezeka, chinenedwe koyambirira. Malipoti ambiri a m'maofesi amayamba ndi mbiri ya nthambi, masomphenya ake, zolinga zake ndi ndandanda wa mabungwe othandiza, ndipo pempho lenileni limabwera pa silaidi yomaliza anthu atatopa kale. Dongosolo lothandiza ndi la magawo anayi: vuto ndi lotani, umboni wake ndi uti, njira zimene zilipo ndi ziti pamodzi ndi mtengo wake, ndipo komiti ikupemphedwa kuchita chiyani komanso pofika liti.

Katswiri wina wa zamalonda wa ku America, Guy Kawasaki, anatchukitsa lamulo losavuta kukumbukira mu 2005: masilaidi asapitirire 10, nthawi isapitirire mphindi 20, ndipo zilembo zisachepere saizi 30. Iye ankalangiza anthu ofuna ndalama zoyambira bizinesi, koma mlingo wakewo ndi woyenera pa misonkhano ya chitukuko, pomwe nthambi zingapo zimagawana tsiku limodzi ndipo mamembala ena amakhala ndi mtunda wautali woti apalase njinga pobwerera.

Silaidi imodzi, mfundo imodzi

Mutu wa silaidi uyenera kukhala chiganizo chathunthu chonena mfundo. Mutu wakuti "Nkhani ya madzi" sukunena kanthu, pomwe mutu wakuti "Midzi ya kumalire ndi imene ili ndi mijigo yochepa" wapereka kale uthenga ngakhale kwa munthu amene sawerenga china chilichonse pa silaidiyo. Njira yoyesera ndi kuwerenga mitu yokhayokha kuchokera pa silaidi yoyamba kufika pa yomaliza. Ngati mituyo ikupanga nkhani yomveka payokha, lipoti lakonzeka bwino.

Pansi pa mutu pakhale umboni umodzi: chithunzi, tchati, mapu kapena mizere yochepa ya mawu. Ndime zathunthu zotengedwa mu lipoti lolembedwa zilibe malo pa silaidi. Richard Mayer, katswiri wa za kaphunziridwe pa yunivesite ya California ku Santa Barbara, anaonetsa mu kafukufuku wake kuti anthu amamvetsa bwino akamaona chithunzi uku akumva mawu olankhulidwa, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pakhoma. Chifukwa chake n'chakuti munthu sangathe kuwerenga ndi kumvetsera bwino nthawi imodzi. Wolankhula amene amadzaza silaidi ndi mawu n'kumawawerenga amakhala akulimbana ndi khoma lake lomwe, chifukwa omvera ena amawerenga mofulumira n'kumusiya, pomwe ena amatsalira n'kutaya mtima.

Kukula kwa zilembo kuyezedwe ndi munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni kwa chipinda, makamaka wachikulire amene maso ake anayamba kufooka. Zilembo zikhale za mtundu umodzi, zosapotanapotana, zakuda pa tsamba loyera. M'zipinda za sukulu ndi m'matchalitchi momwe misonkhano yambiri ya kumudzi imachitikira mulibe makatani, ndipo kuwala kwa dzuwa kumafafaniza mitundu yofooka monga yachikasu ndi yotuwa. Komanso pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, choncho tchati isadalire mitundu iwiriyi yokha. Zilembo zouluka, zozungulira ndi zolira zimangochedwetsa msonkhano.

Manambala alankhule chinenero cha anthu

Gawo limene limasokoneza kwambiri omvera ndi la manambala. Ndandanda wa mizere 20 wotengedwa mu pulogalamu ya Excel sungawerengeke pakhoma, ngakhale kwa anthu a kutsogolo. Wolankhula asankhe manambala awiri kapena atatu amene akunyamula mfundo, ndipo ena onse apite papepala logawira anthu.

Chitsanzo chingatengedwe pa kalembera wa anthu. Mu 2008 boma la Mchinji linali ndi anthu oposa pang'ono 450,000, ndipo pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu 602,305. Silaidi yabwino ingaonetse mizati iwiri yokha, wa 2008 ndi wa 2018, pansi pa mutu wakuti anthu a m'bomali anawonjezeka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'zaka 10. Polankhula n'kokwanira kunena kuti anthu oposa 600,000. Atamva zimenezi, membala wa komiti amadziwa yekha chifukwa chimene zipatala, sukulu ndi mijigo zimene zinali zokwanira kale zayamba kuchepa.

Nambala imamveka ikayerekezedwa ndi mlingo wodziwika. Boma limafuna kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, mphunzitsi mmodzi wa pulayimale aziphunzitsa ana 60, ndipo mlangizi mmodzi wa zaumoyo aziyang'anira anthu 1,000. Kunena chiwerengero cha mijigo ya m'dera pachokha sikuthandiza komiti. Koma mlangizi akaonetsa kuti m'dera la gulupu wina mjigo umodzi ukutumikira anthu owirikiza kawiri mlingo wa boma, pomwe kwa gulupu wina mlingowo wakwanira, komiti imaona yokha kumene mjigo wotsatira uyenera kupita, ndipo mikangano ya kukondera imachepa.

Maperesenti nawo amafunika kuwamasulira. M'malo monena kuti 25 peresenti, wolankhula anene kuti banja limodzi mwa mabanja anayi alionse. Miyezo ikhale imene anthu amagwiritsa ntchito: alimi ambiri amawerenga minda yawo m'maekala, pomwe malipoti a boma amalembedwa m'mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Zokolola zimamveka msanga zikanenedwa m'matumba a makilogalamu 50 kusiyana ndi m'matani.

M'dera la kumalire ngati la Mlonyeni muli msampha wina. Ndalama ya Malawi ndi ya Zambia zonse zimatchedwa kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri. Anthu a kuno amachita malonda ndi anzawo a ku Chipata, ndipo chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe maofesi ake a maiko awiriwa anaphatikizidwa mu Disembala 2022, ndi njira yaikulu ya malondawo. Choncho silaidi yoyerekeza mitengo ya soya, mtedza kapena feteleza mbali ziwirizi ilembe momveka kuti ndi kwacha iti. Chimodzimodzinso, poyerekeza ndalama za zaka zosiyana, wolankhula akumbutse omvera kuti kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tchati yoonetsa kuti bajeti yakwera ikhoza kusocheretsa anthu ngati ndalamazo zikugula matumba ochepa a simenti kuposa kale.

Nambala iliyonse ikhale ndi gwero ndi chaka chake, zolembedwa kumunsi kwa silaidi. Manambala osakondweretsa asabisidwe. Mamembala a ADC amakhala m'midzi momwemo, ndipo amadziwa mijigo imene inafa ndi midadada ya sukulu imene inaima pa mawindo. Akapeza nambala imodzi yabodza, amakayikira lipoti lonse.

Chichewa ndi zithunzi

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba m'dziko muno, pafupifupi 69 ndi amene amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Odziwa kuwerenga Chingerezi cha m'malipoti ndi ocheperapo. Choncho masilaidi opita ku ADC alembedwe m'Chichewa kuyambira pachiyambi. Mchitidwe woonetsa Chingerezi pakhoma n'kumamasulira pakamwa umagawa omvera pawiri, ndipo umapereka mphamvu kwa ochepa amene anapita patali ndi sukulu. Zidule za mayina a mapulojekiti ndi mabungwe, zimene m'maofesi zimanenedwa ngati mayina a ana, zifotokozedwe nthawi yoyamba kapena zisiyidwe.

Boma la Mchinji lili ndi umboni wake wa mphamvu ya zithunzi. Pulojekiti ya MaiMwana, imene inagwira ntchito m'bomali kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, inakhazikitsa magulu a amayi m'midzi okambirana za uchembere wabwino ndi umoyo wa ana. Otsogolera magulu ankagwiritsa ntchito makadi a zithunzi pothandiza amayi kutchula mavuto awo, kusankha aakulu ndi kupeza njira zowathetsera. Zotsatira za ntchitoyi zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Makadiwo analibe magetsi, koma ankachita ntchito yeniyeni ya silaidi: chinthu chimodzi chooneka bwino, chimene gulu lonse lingakambirane.

Chithunzi chabwino ndi cha m'dera lomwelo. Mchinji ndi boma lodziwika ndi ulimi wa mtedza, ndipo vuto lalikulu pa malonda a mbewuyi ndi chuku, chimene chimatulutsa poizoni woopsa pa umoyo wa anthu komanso kuchititsa kuti mtedza ukanidwe pa misika ya kunja. Mlangizi wa zaulimi akaonetsa zithunzi ziwiri moyandikana, mtedza woumitsidwa bwino ndi mtedza umene unawazidwa madzi pofuna kufewetsa makoko posenda, amaphunzitsa zambiri kuposa mizere 10 ya mawu. Zithunzi zotengedwa pa intaneti, za anthu ndi minda ya maiko ena, zimachititsa omvera kuganiza kuti nkhaniyo si yawo.

Pa zithunzi pafunikanso ulemu. Nkhope za odwala, za ana ndi za mabanja olandira thandizo zisaonetsedwe popanda chilolezo chawo, ndipo mayina awo asalembedwe pakhoma popanda chifukwa. Kuwonjezera pa umunthu, dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, limene likukhudzanso maofesi a boma.

Nkhani zovuta nazo zikhoza kufupikitsidwa popanda kuzipotoza. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF isanafalikire m'maboma onse, inakhazikika pa mfundo ziwiri posankha mabanja: banja likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda anthu okwanira otha kugwira ntchito. Mfundo ziwirizi zimakwana pa silaidi imodzi. Zikafotokozedwa momveka, anthu amadziwa chifukwa chimene banja lina lalowa ndipo lina latsala. Zikakwiriridwa m'mawu ambiri, mphekesera za ziphuphu zimapeza malo.

Magetsi akazima msonkhano usathe

Kalembera wa 2018 anaonetsanso kuti ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi 10 m'dziko muno limene linkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Malo ambiri ochitira misonkhano kumudzi alibe magetsi, ndipo kumene aliko akhoza kuzima nthawi iliyonse. Wogwira ntchito wokonzeka amafunsiratu za malo a msonkhano, amatchaja laputopu, amasunga lipoti lake pa fulashi ndi pa foni, ndipo amafika msanga kuti ayese pulojekita anthu asanalowe. Ngati pakufunika jenereta, iikidwe patali kuti phokoso lake lisaphimbe mawu.

Chofunika kwambiri ndi kukhala ndi njira yachiwiri. Masilaidi atatu kapena anayi onyamula mfundo zazikulu ajambulidwiretu pa mapepala aakulu a filipitchati ndi maka yakuda. Bolodi ndi choko za m'kalasi nazo zimagwira ntchito. Mapu a dera ojambulidwa pamanja, oonetsa mitsinje, misewu, sukulu ndi mijigo, nthawi zambiri amadzutsa zokambirana zabwino kuposa pulojekita, chifukwa anthu amatha kuimirira n'kuloza pamene pali mudzi wawo. Munthu amene sangathe kufotokoza nkhani yake magetsi atazima ndiye kuti nkhaniyo sanaidziwe.

Kaimidwe, ulemu ndi nthawi

Dera la Mlonyeni ndi la ufumu wa Angoni a mbumba ya Mpezeni, ndipo monga m'madera onse a dziko lino, msonkhano umayamba ndi kupereka ulemu kwa eni nthaka. Wolankhula apereke ulemu kwa mfumu, wapampando ndi atsogoleri ena motsata ndondomeko yake, mwachidule, kenaka alowe mu nkhani. Ayang'ane anthu, osati khoma. Aime pambali kuti asatchinge chithunzi, ndipo mawu ake afike kwa munthu wa kumbuyo. Silaidi ya tchati ikaonekera, ayambe wafotokoza chimene mizati kapena mizere ikuimira, apereke kanthawi koti anthu aone, kenaka anene tanthauzo lake.

Kuyeserera n'kofunika. Wolankhula afotokoze lipoti lonse mokweza kamodzi kapena kawiri akuyang'ana wotchi, makamaka pamaso pa mnzake wa nthambi ina amene sadziwa nkhaniyo. Pamene mnzakeyo wakwinya nkhope ndi pamene komiti idzasochere. Kupitirira nthawi ndi kulanda mwayi wa nthambi zina, komanso kumadya nthawi ya mafunso, imene ndi gawo lofunika kwambiri la msonkhano.

Pa mafunso, wolankhula abwereze funso mokweza kuti onse alimve asanayankhe. Wapampando aonetsetse kuti amayi ndi achinyamata apatsidwa mpata, popeza kawirikawiri oyamba kukweza manja amakhala omwewo. Funso limene yankho lake silikudziwika liyankhidwe moona, potchula tsiku limene yankho lidzabwere ndi munthu amene adzalibweretse. Funso lodzudzula lisatengedwe ngati chipongwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo membala amene wanena kuti nambala ina siikugwirizana ndi zimene zili kumudzi wathandiza ofesi kukonza kaundula wake.

Msonkhano ukatha

Silaidi yomaliza isakhale ya mawu othokoza okha. Ionetse zimene komiti yapemphedwa kuchita, amene achite, ndi tsiku lake, ndipo ikhalebe pakhoma pa nthawi yonse ya zokambirana. Zimene zagwirizanidwa ziwerengedwe mokweza mlembi asanatseke buku lake.

Membala aliyense atenge pepala limodzi la m'Chichewa lokhala ndi mfundo zazikulu ndi manambala ake, loti akaligwiritse ntchito pofotokozera anthu kumudzi. Masilaidi paokha si lipoti. Nkhani zaukatswiri, monga za ndalama, za makontirakitala ndi za miliri, zimafunika lipoti lolembedwa mokwanira losungidwa ku ofesi ya khonsolo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, likutanthauza kuti nzika ikhoza kupempha zikalata zoterezi, ndipo ziyenera kugwirizana ndi zimene zinaonetsedwa pakhoma.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akutsindika za kufunika kwa ogwira ntchito m'boma ochita bwino ndi nzika zotenga nawo mbali pa chitukuko. Ku dera ngati la Mlonyeni, zimenezi zimaonekera pa zinthu zing'onozing'ono: mutu wa silaidi wonena mfundo, zilembo zimene gogo wa kumbuyo akuziona, nambala yokhala ndi gwero lake, ndi pempho lomveka. Akuluakulu a nthambi angathandize poona masilaidi a alangizi awo tsiku la msonkhano lisanafike, ndi kufunsa funso limodzi pa silaidi iliyonse: kodi membala wa ADC angathe kukafotokoza zimenezi kumudzi mawa popanda kompyuta? Ngati yankho ndi ayi, silaidiyo ikonzedwenso.